Anagulitsa Mbewu Pothamangira Ndalama Zosabweza

Boma litakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'chaka cha 2022, nkhani yake inamveka paliponse kuno kum'mawa kwa Zambia: kuchigayo, pamaliro, pamsika wa Kapata, m'minibasi zopita ku Chadiza ndi ku Katete. Nambala yaikuluyo aliyense anaimva. Kagawidwe kake ndi kamene sikanafike kumudzi. Malamulo a thumbali ankati poyamba pachoke 5 peresenti yoyendetsera ntchito. Pa zotsalazo, 60 peresenti ipite ku zomangamanga monga makalasi, zipatala ndi milatho, 20 peresenti ilipirire ana kusukulu zogonera komweko ndi zophunzitsa ntchito zamanja, ndipo 20 peresenti yomaliza ndiyo yotukula amayi, achinyamata ndi magulu. Ngakhale pa gawo lomalizali, zochuluka ndi ngongole. Zosabweza ndi 40 peresenti yokha. Mukakhala pansi n'kuwerengetsa, mupeza kuti chaka chimenecho ndalama zosabweza za dera lonse la phungu mmodzi, kaya Luangeni kaya Chipata Central, sizinkakwana K2 miliyoni.

Anthu anamva za mamiliyoni, pamene zoti zingafike pakalabu imodzi zinali zochepa, ndiponso za magulu owerengeka. Chilakolako cha ndalama zosabweza chinadzuka m'midzi yonse popanda chochikhutitsa. Ena anaonapo malonda, ndipo mmodzi wa iwo anafika kwa azakhali anga.

Azakhali amakhala m'mudzi wina kumwera kwa Chipata, ukapatuka pamsewu wa ku Chadiza. Kalabu yawo ya amayi inayamba kalekale ngati chilimba chabe. Kenaka anapempha malo m'mbali mwa mtsinje n'kutsegula dimba la tomato, repu ndi anyezi. Koma chuma chawo chenicheni chinali nsawa zambewu. Mayi akasowa mbewu ankatenga chitini chimodzi mvula ikayandikira, n'kubweza ziwiri akakolola. Matumba ankasungidwa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azakhali, atasanjikidwa pamitengo kuopa chinyezi ndi chiswe. Azakhali ndiwo anali msungichuma. Buku lawo ndinaliona ndi maso anga: lachikuto cholimba, lokutidwa ndi pulasitiki ya paketi ya shuga, mizere yake yojambulidwa ndi rula ndi mdzukulu wawo. Osadziwa kulemba ankadinda chala. Munalibe tsamba long'ambidwa, munalibe ngwee yosadziwika kumene inapita. Chimene amayiwa ankasowa ankachidziwa bwino lomwe: waya wotchingira dimba, chifukwa mbuzi ndi ng'ombe zinkawathera ndiwo m'chilimwe, ndi pampu yoti iwapumitse kusenza makheni kuchokera kumtsinje.

Munthu uja anafika anthu atatha kukolola. Anayambira kwa amfumu, anakhala pansi, anawomba m'manja monga mwa mwambo. Pa ulemu sanali woti n'kumuphunzitsa. Pakhosi pake panalendewera kakhadi kachithunzi, kumsana chikwama cha laputopu. Pamsonkhano wa patsinde pa mango sanathamangire kutchula ndalama. Anayamba wayamikira dimba, anafunsa mtengo wa bokosi la tomato ku Saturday Market, anadandaula nawo za mavenda ndi masikelo awo. Atawafewetsa choncho ndi pamene anati:

"Amayi anga, za CDF musadalire, n'zochepa ndipo ozifuna ndi ambiri. Kuli bungwe la kunja lothandiza amayi olima. Ndalama zake n'zamadola, sizibwezedwa, zikungosowa ozitenga. Koma azungu samva pempho la pakamwa, amafuna pulopozo ya m'Chingelezi. Imeneyo ndiyo ntchito yanga."

Azakhali anafunsa: "Zikomo bambo. Nanga ofesi yanu ili pati m'tauni muja, kuti tikakhala ndi chofunsa tizikupezani?"

"Likulu lili ku Lusaka, amayi. Kuno tangoyamba kumene. Mukandifuna, foni yanga imakhala yotsegula usana ndi usiku. Koma nkhaniyi isatuluke m'mudzi muno, anthu ansanje angakutsekereni."

Ndalama yoyamba inali ya fomu, mtengo wa nkhuku imodzi pamunthu. Palibe anadandaula. Atabweranso anati gulu lachepa, eni ndalama amafuna anthu ambiri, amuna ndi achinyamata omwe. M'masabata ochepa kalabu ya amayi inatupa. Analembetsa anthu amene sanagwirepo kheni m'dimbamo, ena okhala m'tauni amene anangotumiza mayina kudzera kwa achibale. Anasankha wapampando watsopano, mnyamata wodziwa Chingelezi, poti ndiye adzathe kulankhula ndi alendo akadzabwera. Aliyense anapereka fotokope ya chitupa chake cha NRC. Amayi atatchula waya ndi pampu, munthu uja anapukusa mutu mwaulemu, amvekere tinthu tating'ono ngati timeneto azungu sayang'anako. Analemba makina oyenga mafuta a mpendadzuwa ndi nyumba yosungiramo katundu, m'mudzi wopanda magetsi, mwa anthu amene mpendadzuwa amangoudzala m'malire a munda. Mapepala anabwera atamangidwa bwino, pamwamba pali pulasitiki yonyezimira. Akomiti anasaina. Panalibe wowamasulira ngakhale mzere umodzi.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, uthenga unalowa pafoni ya wapampando: pempho lavomerezedwa. Chotsala n'kutumiza ndalama yotsegulira akaunti ya madola ndi ya msonkho pasanathe masiku atatu, apo ayi mwayi upita ku gulu la boma lina. M'thumba la kalabu munalibe yokwana. Maso onse anatembenukira ku kachipinda ka kuseri kuja.

Azakhali anakana. "Ana anga, mvula ili pakhomo. Tikagulitsa mbewu tidzala chiyani? Ndipo munthu wobwera kudzakupatsa amayamba ndi kukupempha?"

"Amayi, musatibweze m'mbuyo," anatero wapampando. "Ndalama zikalowa tidzagula mbewu ya m'sitolo, yabwino kuposa iyi."

Ena anang'ung'udza kuti achikulire amaopa chitukuko. Wina ananena poyera kuti mwina azakhali akukaniza kiyi chifukwa matumba ndi operewera. Mawu amenewo ndiwo anawathyola. Anatsegula chitseko, anawerengetsa matumba pamaso pa onse, anakwana, n'kupereka kiyi osanenanso kanthu.

Nsawa zinapita kwa mavenda pamtengo wozizira, monga zimakhalira wogula akadziwa kuti mwini katundu wapanikizika. Ndalama anakaitumizira pakabuthu ka m'mbali mwa msewu. Mtsikana wa m'buthumo atalemba nambala, pafoni panatuluka dzina la munthu, osati la bungwe, ndiponso silinali dzina limene mlendo uja anawauza.

"Amama, munthu uyu mumudziwa?" anafunsa mtsikanayo.

Amene anatumidwa anayankha kuti ndi wa ku ofesi. Mtsikana anadina. Sabata lotsatira foni ija inkangoitana osayankhidwa. Linalo inazimiratu.

Mvula itagwa, amayi amene kwa zaka zambiri sankadziwa nkhawa ya mbewu anayendayenda kupempha kwa achibale. Ena anakagwira ganyu m'minda ya anzawo kuti alipidwe nsawa, n'kudzala mochedwa ndiponso motalikirana kuti zikwane munda. Wolima nsawa aliyense akudziwa zotsatira zake: zodzalidwa mochedwa ndi mwapatalipatali ndizo zimagwidwa msanga ndi matenda opinimbiritsa aja amene amafala ndi nsabwe za m'masamba. Olembetsa atsopano anabalalika, ena mpaka lero amati akomiti anagawana ndi wakubayo. Amayi ena amene anayamba chilimba limodzi sapatsananso moni pachitsime. Ndalama yobedwa ingawerengedwe. Chimene chinandiwawa ine n'chakuti buku lija, limene linakhala zaka popanda wolikayikira, linakatsegulidwa pabwalo la amfumu ngati umboni pamlandu.

Ndamvapo anthu a m'tauni akuseka nkhani zotere, ati alimi ndi ogona. Sindivomereza ngakhale pang'ono. Mayi amene amasunga pamtima kuti uje ali ndi ngongole ya chitini ndi theka kuyambira chaka chatha si wogona. Chimene chimasokoneza n'chakuti wakuba amabwera mmene amabwerera woona. Mapulojekiti enieni nawonso amafika ndi makhadi apakhosi, mafomu a Chingelezi ndi tsiku lotsekera. Nawonso amafuna kuti mlimi aikepo kake. Pa pulogalamu ya boma ya FISP, imene inayamba mu 2002 ili ndi dzina lina, mlimi amalipira K400 asanalandire feteleza ndi mbewu. Mapulojekiti monga E-SAPP, ya boma ndi bungwe la IFAD, kapena ZATP, ya Unduna wa Zamalonda ndi World Bank, ankapereka ndalama zosabweza pokhapokha gulu litasonkha gawo lake. Choncho mlimi akauzidwa kuti ayambe walipira, khutu lake silidabwa.

Kusiyana kuli pa kumene ndalamayo ikupita. Ya FISP imalipiridwa dzina litatuluka kale pamndandanda wodutsa kwa mlangizi ndi komiti ya zaulimi ya m'kampu, ndipo imakhala ndi umboni wake. Gawo limene gulu limasonkha pa pulojekiti limagwira ntchito pa pulojekiti yomweyo ya eni ake: limakhala mu akaunti ya gulu, mwinanso limakhala njerwa, mchenga ndi thukuta lawo. Silipita pa nambala ya foni ya munthu. Mafomu a CDF sagulitsidwa; amapezeka kukhonsolo ndi kwa komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndipo pempho limayambira m'manja mwa anthu amene mumadziwa kwawo ndi makolo awo. Bungwe loona lofuna kugwira ntchito ndi alimi limayamba ladziwika ku ofesi ya zaulimi ya boma, ya DACO, ndipo mlangizi wa m'kampu amakhala atamva. Ulendo umodzi wa panjinga wokafunsa mlangizi ukanapulumutsa mbewu ija. Munthu uja ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake anapereka masiku atatu okha, n'chifukwa chakenso anawaopseza ndi nsanje ya midzi ina.

Sindikunena kuti aliyense wolemba mapulopozo ndi wakuba. Alipo odziwa ntchitoyi, ndipo kulipira wodziwa ntchito si mlandu. Koma wolemba woona amakhala nanu pansi, amafunsa maekala anu, zokolola zanu za chaka chatha ndi kumene mumagulitsa, amakuwerengerani zimene walemba, ndipo salonjeza kuti ndalama zituluka, chifukwa si iye wovomereza. Wina amene ali ndi pulopozo imodzi mu laputopu yake, n'kumangosintha dzina la gulu ndi la mudzi, akukugulitsani pepala. Wonena kuti ali ndi munthu wake mkati, ndipo mumupatse kangachepe zikatuluka, akukukokerani pamlandu umene mudzausenze ndinu, osaina.

Komabe, wakuba uja akanapanda kuthawa ndi ndalama, kalabu inali itayamba kale kudwala tsiku limene inalola kutupa chifukwa cha thandizo. Matenda amenewa ndi akale m'dziko muno. Mu Januwale 1965, pamsonkhano wa ku Chifubu ku Ndola, Kenneth Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivu, nawatsimikizira kuti ndalama zilipo. Boma linkalipira magulu pa ekala iliyonse imene azula zitsa. Makopaletivu anaphuka mazanamazana. Ambiri anazula zitsa, analandira ndalama, anagawana, minda n'kubwereranso kutchire. Ngongole za Credit Organisation of Zambia anthu ochuluka anaziyesa mphatso ya ufulu, ndipo pofika 1970 bungwelo linali litagwa. Lima Bank inatsekedwa mu 1997 itamira m'ngongole zosabwezedwa. Lero tili ndi makopaletivu amene amadzuka kamodzi pachaka, nthawi ya feteleza, satifiketi ili m'chikwama cha wapampando, mamembala osadziwana n'komwe. Gulu lobadwira ndalama silikhala ndi chochita ndalamazo zikabwera, kupatula kugawana.

Ngakhale thandizo loona lingapweteke. Cha ku Chipangali ndinaonako makina oyenga mafuta amene gulu lina linalandira mwachilungamo, popanda chinyengo chilichonse. Anali m'nyumba ya njerwa zootcha, chikwangwani cha opereka chikadali chowala pakhomo. Makinawo anali ofunditsidwa tenti, malamba ake atauma n'kung'aluka, pansi pake nkhuku itaikira mazira. Ankafuna magetsi amphamvu amene sanafike pamalopo. Ngakhale akanafika, mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima mbali yaikulu ya tsiku. Mpendadzuwa wa mamembala onse ukanatha m'masiku owerengeka, makina n'kugona chaka chonse. Palibe anaba. Anapempha chimene anamva kuti opereka amakonda, osati chimene minda yawo inkafuna. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: makina amabwera ndi bilu ya magetsi, malipiro a mlonda, masipeya ndi malipoti olemba, ndipo pulojekiti ikatha zonsezi zimatsala pamutu pa gulu.

Opereka enieni amafuna kuona ntchito imene ikuyenda kale. Amafunsa satifiketi ya gulu, malamulo ake, akaunti ya kubanki yosainidwa ndi anthu angapo, zolemba za misonkhano, kalata ya amfumu yotsimikiza malo, ndi mitengo ya katundu yolembedwa ndi ogulitsa. Koposa zonse amafunsa kuti zokolola mudzagulitsa kwa yani. ZATP inkafuna kuti gulu la alimi libwere litagwirizana kale ndi wogula. Amene analima soya wambiri mu 2023 n'kupeza mtengo utagwa akudziwa kuti funso limeneli si lozunza, ndi lopulumutsa. Kuno kwathu nsawa zili ndi njira yake. Kampani ya COMACO ili ndi fakitale ku Chipata yopanga chiponde cha It's Wild! ndi nsawa zogula kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo ofufuza a ku Msekera, pafupi pomwepa, ndiwo anatulutsa mbewu monga MGV4. Kalabu ya azakhali, ndi buku lake, matumba ake ndi zaka zake zobwezerana mbewu, inali ndi chinthu chenicheni chimene opereka oona amasakasaka. Inachigulitsa kuti igule pepala.

Tikumbukirenso kuti ndalama za kunja zili ndi nyengo yake. ZIFLP, pulojekiti ya madola 32.8 miliyoni yosamalira nkhalango ndi ulimi m'chigawo chino, imene World Bank inavomereza mu 2017, inali ndi zaka zake zowerengeka ndipo zinakwana. Kwa zaka zambiri chigawo cha kum'mawa ndicho chinali phata la ntchito za Feed the Future za dziko la America m'Zambia muno. Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo la kunja, ndipo pofika Julayi bungwe lake lopereka thandizolo, USAID, linali litatsekedwa. Palibe mlimi wa ku Chipata amene anafunsidwa maganizo.

Chenjezo lina lili pa pepala losaina. Zambiri zimene kumudzi timangoti ndalama za boma ndi ngongole: za bungwe la CEEC, za thumba la zaulimi la SAFF zimene zimadzera kumabanki, ndi gawo lalikulu lija la CDF. Zili ndi chiwongoladzanja ndi tsiku lobweza. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, chitawononga chimanga pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi. Munda ungapserere choncho chaka chilichonse, ngongole ili chikhalire. Kukongola si kulakwa, ndipo ngongole yabwino yatukula ambiri, koma munthu azidziwa kuti wakongola. Pepala lililonse liyambe lawerengedwa m'chinenero chanu ndi munthu wanu, wopanda gawo pa ndalamazo, chala chisanagunde inki.

Kwa a m'maofesi ndili ndi pempho. Akuba amadya pamene pali chinsinsi. Nthawi yolandira mapempho ikafika, kagawidwe ka ndalama, zofunika pofunsira ndi tsiku lotsekera zizibwerezedwa m'Chinyanja pa Breeze FM ndi pa Radio Maria mpaka agogo azidziwe pamtima. Mayina a magulu amene alandira, pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalama zake, azimatidwa pasukulu ndi pachipatala cha m'wadi iliyonse. Mayi akadziwa kuti gulu la kutsidya linalandira zingati ndipo linadzera khomo liti, munthu wa madola sapeza womumvera.

Kalabu ya azakhali inabwerera pa amayi oyamba aja, kuchotsapo ochepa amene mitima yawo sinapole. Anayambiranso ndi zitini zopempha. Analembetsa gulu mwalamulo, anatsegula akaunti yosainidwa ndi anthu atatu, ndipo anapereka pempho ku komiti ya m'wadi, lolembedwa ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi iwo akuwauza mawu: waya ndi pampu. Yankho akulidikirabe uku akusenza makheni. Mbali imodzi ya dimba, ya kunjira ya ng'ombe, anaitchinga okha ndi ndalama ya tomato.

Chimene sichinathe ndi mafotokope a NRC aja. Ali m'chikwama cha munthu amene dzina lake lenileni palibe akulidziwa, ndipo ndi pepala lotere wakuba angayese kulembetsa nambala ya foni kapena kutenga ngongole m'dzina la mwini wake. N'kutheka kuti dzina limene linatuluka pafoni m'kabuthu muja linali la munthu wa mudzi wina amene naye anapereka fotokope yake patsinde pa mtengo. Azakhali anatuma mdzukulu wawo kuti aziperekeza amayi awiriawiri m'tauni, ku maofesi a makampani a foni, kukafunsa manambala amene analembetsedwa pa NRC zawo. Ena apita kale. Otsalawo akudikira agulitse anyezi kuti apeze ya basi.